Gemu ndi yomweyo, bwanji tilipire kawiri?

Mwana wa mchemwali wanga anandipeza pakhonde Loweruka lina madzulo, laputopu ili m'khwapa. Atandipatsa moni anakhala pampando wapafupi n'kuyamba kusisita manja, monga amachitira akakhala ndi pempho.

"Amalume, mundibwerekeko khadi lanu la kubanki. Ndikufuna ndigule gemu ija ya nkhondo."

"Iti? Si yomwe ija tinagula mu Disembala?"

"Ndi yomweyo, amalume. Kungoti anzanga onse anagula kusitolo ina. Yangayi ikukana kulumikizana ndi zawo."

Anatsegula laputopu n'kundionetsa. Gemu inalimo yathunthu, ndipo ndinkakumbukira bwino mmene inalowera: masiku anayi akudikirira bandulo ya usiku, magetsi akuzima pakati, iye akudzuka mbandakucha kukaona ngati kamzere kobiriwira kaja kasuntha. Ndalama zake zinachokera ku maganyu a patchuthi. Kenako anatsegula tsamba la sitolo inayo. Dzina lomwelo, chithunzi chomwecho, kampani yopanga yomweyo, ndipo m'munsi mwake batani lomuuza kuti agule, ngati munthu woti gemuyo sanaionepo. Tsiku limenelo ndinakana. Patapita sabata ndinam'patsa khadi lija, chifukwa zinkandiwawa kuona mwana akusewera yekha pamene anzake akuseka limodzi pa intaneti. Analipira kachiwiri, n'kudawunilodanso zinthu zomwe zinali kale m'kompyuta mwake.

Kuyambira pamenepo nkhaniyi sinandichoke m'mutu. Maganizo anga ndi akuti munthu akagula gemu, umwini wake uzimutsatira iyeyo kulikonse kumene gemuyo ikugulitsidwa pa makina a mtundu womwewo. Sitolo ndi khomo lolowera. Kulipiritsa munthu mtengo wathunthu kachiwiri chifukwa choti walowera khomo lina n'kumudyera masuku pamutu, ngakhale kuti osewera ambiri anafika pozolowera.

Kwa amene sasewera magemu, ndifotokoze kaye mmene msikawu ulili. Kale gemu inkabwera pa disiki. Ukaigula inali yako: ukatopa nayo unkam'bwereka mnzako, kusinthitsa ndi ina, kapena kuigulitsa. Masiku ano ambiri amagula pa intaneti. Pa kompyuta sitolo yaikulu ndi Steam, imene kampani ya Valve ya ku America inatsegula mu 2003. Pali GOG, imene inayambitsidwa mu 2008 ndi kampani ya ku Poland ya CD Projekt, ndi Epic Games Store, imene inabwera mu Disembala 2018. Microsoft ili ndi yake, EA ndi Ubisoft ali ndi zawo. Ukachoka pa kompyuta upeza PlayStation Store, sitolo ya Xbox ndi eShop ya Nintendo, ndipo pa foni pali Google Play ndi App Store. Sitolo iliyonse imasunga kaundula wake wa zimene wagula, ndipo lisiti la inzake sililidziwa.

Chimene munthu amalandira akadina batani logulira ndi laisensi, chilolezo choti azisewera gemuyo kudzera mu akaunti yake ya m'sitolo imeneyo. Zimenezi zakhala zikulembedwa m'mapangano ataliatali aja amene ambiri amangodina kuti avomera osawerenga. Mu Seputembala 2024 dera la California ku America linakhazikitsa lamulo la AB 2426, loletsa masitolo kunena kuti munthu akugula chinthu cha pa intaneti popanda kumuuza momveka kuti akungolandira laisensi. Lamuloli lisanayambe n'komwe kugwira ntchito pa 1 Januwale 2025, Steam inali itaika kale chidziwitso chotere pa tsamba lolipirira. Anachita bwino kunena zoona. Koma funso langa likuyambira pomwepo. Ngati chimene ndagula ndi chilolezo, kodi gemu imene ndaloledwa kusewerayo ndi ya ndani? Ndi ya kampani imene inaipanga kapena kuifalitsa. Kampani imene inalandira ndalama za mnyamata uja kudzera kusitolo yoyamba ndi yomweyonso imene inalandira kudzera ku yachiwiri. Inam'loleza kawiri kuchita chinthu chimodzi, pa kompyuta imodzi, n'kulandira kawiri.

Ena amati palibe amene amagwidwa pakhosi, wogula kawiri wafuna yekha. Mawu amenewa amamveka bwino kwa munthu amene sanaone mmene osewera amakankhidwira kukafika pamenepo.

Taganizani za gemu ya Metro Exodus. Anthu ankaiitanitsiratu pa Steam, koma kumapeto kwa Januwale 2019, kutangotsala masabata osakwana atatu kuti ituluke, inachotsedwa n'kupita ku Epic yokha kwa chaka chathunthu. Amene anali atalipiriratu analandira zawo, koma ena onse anayenera kusankha: kudikira mpaka Febuluwale 2020, kapena kugula kusitolo imene sankaifuna. Borderlands 3 inachita chimodzimodzi, inatulukira ku Epic mu Seputembala 2019 n'kudzafika pa Steam mu Malichi 2020. Wosewera amene sanapirire, ndipo pambuyo pake anafuna kuti gemuyo ikhale pamodzi ndi zinzake zonse komanso ndi anzake a pa Steam, analipiranso. Chimene Epic inkachitira zimenezi ndikuchimvetsa. Steam imatenga madola 30 pa madola 100 alionse a malonda ambiri, Epic inabwera ndi madola 12, ndipo inkafuna njira yokokera anthu. Mpikisano umenewo ndi wabwino, makamaka kwa makampani ang'onoang'ono opanga magemu. Chimene sindikuvomereza n'choti ndalama zolimbanirana msika zizichokera m'thumba mwa wosewera amene analipira kale.

Palinso msampha wa zowonjezera. Magemu ambiri amagulitsa nkhani zatsopano, madera atsopano kapena magalimoto atsopano paokha, ndipo zimenezi zimagwira pa gemu ya m'sitolo yomweyo basi. Epic imapereka magemu aulere sabata iliyonse, ndipo mu Meyi 2020 itapereka Grand Theft Auto V, anthu anathamangira mpaka sitolo inasiya kugwira ntchito kwa maola angapo. Mphatso yotere ndi yabwino, koma ukangoyamba kugula zowonjezera za gemu yaulere, wamangidwa kumeneko. Ukadzafuna kusamuka, ugulenso gemu ndi zowonjezera zake zonse. Zinthu zimene osewera anzako amapanga okha pokometsa gemu, zambiri zimaikidwa pa Steam Workshop, ndipo kawirikawiri amazipeza mosavuta ndi amene anagula pa Steam. Ndiye munthu amagulanso gemu imene ali nayo, kuti angofikira zinthu zimene anzake anapanga mwaulere.

Chifukwa chimene chimandikhudza kwambiri ndi mantha. Masitolo amatsekedwa. Nintendo inasiya kugulitsa pa eShop ya 3DS ndi Wii U mu Malichi 2023, ndipo Microsoft inatseka sitolo ya Xbox 360 mu Julayi 2024. Pawiri ponsepa amene anagula kale analoledwa kumadawunilodabe zawo, koma wosewera amadziwa kuti zimenezi zikudalira mtima wa kampani. Sony inalengeza mu 2021 kuti itseka masitolo a PlayStation 3 ndi Vita, n'kubweza mawu anthu atakwiya. Choopsa kuposa zonse chinachitikira The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto ya Ubisoft imene inatuluka mu 2014. Kumapeto kwa Malichi 2024 maseva ake, makompyuta a kampani amene gemuyo inkadalira pa intaneti, anazimitsidwa, gemu inaleka kusewereka ngakhale kwa amene anali ndi disiki, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kupeza kuti laisensi yachotsedwa mu akaunti zawo. Munthu amene waona zoterezi amayamba kufunafuna pobisalira. GOG imagulitsa magemu opanda maloko, ndipo imalola kusunga fayilo yoikira gemu pa hadi yako kapena pa fulashi, kuti udzaiike nthawi iliyonse popanda intaneti. Inenso ndinagulapo kumeneko magemu awiri akale amene ndinali nawo kale kwina, ndipo mafayilo ake ali mu kabati, pa hadi yakunja. Sindidandaula ndi ndalamazo. Koma ndikudziwa chimene ndinalipira ulendo wachiwiriwo: ndinalipira mtendere wa mumtima umene unayenera kubwera ndi lisiti loyamba.

Tsopano ndinene pamene makampani akulondola, chifukwa palipo. Kusamutsa gemu kuchoka pa makina ena kupita pa ena ndi ntchito yeniyeni. Skyrim inatuluka pa 11 Novembala 2011 pa kompyuta, PlayStation 3 ndi Xbox 360. Inatulukanso mu 2016 itakonzedwera PlayStation 4 ndi Xbox One, mu 2017 inafika pa Nintendo Switch, mu 2021 inabweranso pokumbukira zaka khumi, ndipo mu 2022 inalowa pa GOG. Grand Theft Auto V inayamba mu 2013, n'kutulukanso mu 2014, mu 2015 pa kompyuta, ndi mu 2022 pa PlayStation 5 ndi Xbox Series. Osewera ena agula magemu awiriwa katatu kapena kanayi. Koma kupanikiza dziko lalikulu ngati la Skyrim kuti likwane m'kachipangizo ka m'manja ngati Switch kunafuna akatswiri olipidwa, ndipo amene akufuna kusewera ali m'basi akulandira chinthu chimene analibe. Pamenepo kulipira n'koyenera, ngakhale kuti amene anagula kale akanayenera kuchotseredwako mtengo. Masitolo nawo ali ndi zolipira zawo: maseva osungira mafayilo akuluakulu, antchito othandiza makasitomala, ndalama zimene makampani a makhadi amadula pa malonda alionse.

Nkhani ya mwana wa mchemwali wanga ndi ina. Kompyuta ndi yomweyo, Windows ndi yomweyo, gemu ndi yomweyo. Pangakhale ntchito pang'ono yolumikiza gemu ndi zinthu za sitolo iliyonse, monga mndandanda wa anzako ndi posungira pamene walekezera, koma ntchito imeneyo singafanane ndi mtengo wa gemu yonse. Ndipo ngati magemu a masitolo awiri akukana kulumikizana, anasankha zimenezo ndi opanga, chifukwa magemu ambiri amalola osewera a pa Steam ndi a pa Epic kukumana popanda vuto.

Ife kuno tinaonapo vuto lofanana nalo likuthetsedwa. Panali nthawi imene munthu wa khadi la banki ina ankadutsa makina a ATM atatu kufunafuna a banki yake, ndalama zili zake zomwe. National Switch italumikiza mabanki mu 2015, khadi linayamba kugwira pa makina a banki ina, ndipo amene watapa kumeneko amangodulidwa kandalama ka ntchitoyo. Lero ndalama zimachoka ku Airtel Money kupita ku TNM Mpamba. Palibe banki imene inauza kasitomala kuti asungitsenso ndalama zina chifukwa wabwera pa makina achilendo. Chimene ndikupempha pa magemu n'chomwecho: laisensi ilembedwe m'dzina la munthu ku kampani yofalitsa gemuyo, ndipo akafuna kuitengera kusitolo ina, alipire kandalama kochepa kolipirira maseva ndi ntchito ya sitoloyo.

Zimenezi si maloto, chifukwa makampani omwewa azichitapo pamene zinawakomera. Kuyambira mu 2016, pulogalamu ya Microsoft ya Xbox Play Anywhere imalola kugula magemu ena kamodzi n'kuwasewera pa Xbox ndi pa kompyuta, pamene walekezera pakukutsatira. Sony inachitapo zofanana pa magemu ena a PlayStation 3 ndi Vita. Skyrim ya mu 2016 ija inaperekedwa mwaulere kwa amene anali ndi yakale pa Steam pamodzi ndi zowonjezera zake zonse. Mu Juni 2022 mitundu iwiri ya Minecraft ya pa kompyuta, Java ndi Bedrock, inaphatikizidwa, ndipo amene anali ndi umodzi analandira winawo. CD Projekt inafika patali kuposa apa. Mu Juni 2020 inapereka mwaulere kwa sabata imodzi gemu yake ya The Witcher 3 ya pa GOG kwa anthu amene anali nayo kale pa Steam, Epic, PlayStation 4 kapena Xbox One, ndipo mu Disembala 2022 inapereka mwaulere mtundu wokonzedwera makina atsopano. Ku mafilimu, ku America kuli Movies Anywhere kuyambira mu 2017: ukagula filimu ya makampani amene analowa mu mgwirizanowu kusitolo ya Apple, imaonekanso ku Amazon. Makampani opikisana anakhala pansi n'kugwirizana kuti lisiti likhale limodzi.

Chitsanzo chimene chimandiphunzitsa kwambiri ndi GOG Connect. Inayamba mu 2016, ndipo munthu ankalumikiza akaunti yake ya Steam n'kulandira pa GOG magemu ena amene anagula kale, osalipira kanthu. Inali pafupi kwambiri ndi chimene ndikunenachi. Koma gemu iliyonse inkafuna chilolezo cha mwini wake, magemu anali ochepa ndiponso a nthawi yochepa, anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ndipo mu Januwale 2023 ntchitoyi inatsekedwa. Umu ndi mmene zimathera zinthu zodalira kukoma mtima kwa kampani. Wofalitsa gemu amene akudziwa kuti ena mwa makasitomala ake adzagulanso alibe chomukakamiza kuti aleke.

Chotsutsa champhamvu chimene ndamvapo ndi ichi: anthu angamatole magemu aulere ku Epic kapena otchipa kwina n'kuwasamutsira ku Steam, ndiye Valve izisenza katundu wa malonda amene sinadyepo kanthu. Nkhawayi ndi yoona, ndipo n'chifukwa chake ndikunena za kandalama kosamutsira. Magemu olandira mwaulere akhoza kusiyidwa kunja kwa dongosololi. Komanso Valve imachita kale zofanana ndi zimenezi. Imapatsa opanga magemu makiyi a Steam, manambala otsegulira gemu mu akaunti ya wogula, amene amawagulitsa m'masitolo ena monga Humble Bundle, ndipo pa makiyi amenewo Valve sidula gawo lake, chonsecho gemu imadawunilodedwa kuchokera ku maseva ake. Imachita zimenezi chifukwa munthu akalowa m'sitolo mwake mawa adzagula china. Sitolo imene yalandira wosewera wosamuka yapeza kasitomala. Ndipo kusamuka kukanakhala kotheka, masitolo akanayamba kupikisana pa ubwino wa ntchito yawo. Panopa ambiri amakhala pamene ali chifukwa choopa kusiya magemu amene anasonkhanitsa kwa zaka khumi.

Kwa wosewera wa ku Malawi kulipira kawiri kumapweteka mwapadera. Magemu akuluakulu atsopano ambiri amagulitsidwa madola 60 kapena 70. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola inafika cha m'ma K1,700 ku banki, kutanthauza kuti gemu ya madola 70 inkadya pafupifupi K119,000, pamene malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu 2024 anali K90,000 pamwezi. Onjezani kusowa kwa ndalama zakunja, kumene kumachititsa kuti kulipira ndi khadi kunja kukhale ndi malire, ndi data yodawunilodera gemu imene ingapitirire magigabaiti 100. Pa PlayStation pali chipsinjo china. Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene munthu angasankhe potsegula akaunti, ndiye ambiri amalemba South Africa, Britain kapena America. Dziko limenelo silisinthika ukangolilemba, ndipo zowonjezera zimafuna kugwirizana ndi dera la gemu. M'bale wako akakubweretsera disiki kuchokera ku London pamene akaunti yako ndi ya ku America, ukhoza kupeza kuti zina zimene unagula sizikugwirizana nayo.

Tisanamizanenso: m'matauni mwathu gemu yokopera imapezeka pa fulashi ndi ndalama yochepa. Mnyamata amene wasunga za maganyu n'kusankha kugula mwachilungamo wachita chinthu chimene makampani amati amachifuna. Ineyo mwana wa mchemwali wanga uja ndinkam'limbikitsa kutero, ndipo ndimalimbikitsabe, chifukwa anthu amene amapanga magemu nawonso amadya za thukuta lawo. Koma zinandivuta kum'fotokozera chifukwa chake gemu yokopera ya mnzake wina ilibe funso loti inachokera kusitolo iti, pamene yake yolipira ili ndi mpanda.

Bungwe lathu la Competition and Fair Trading Commission silingagwedeze Valve kapena Sony, msika wathu ndi waung'ono. Kusintha kudzachokera ku misika ikuluikulu, ndipo kukachitika kumeneko kumatifika ifenso. Bungwe loteteza ogula la ku Australia linasumira Valve mu 2014 pa nkhani yokana kubweza ndalama. Mu Juni 2015 Steam inayamba kubweza ndalama kwa aliyense amene wapempha pasanathe masiku 14 ndipo sanasewere maola opitirira awiri, ndipo mu 2016 khoti la kumeneko linalipiritsa Valve chindapusa cha madola 3 miliyoni a ku Australia. Mwayi wobweza gemu umenewu wosewera wa ku Lilongwe ali nawo lero mofanana ndi wa ku Sydney. The Crew itazimitsidwa, Ross Scott, wopanga mavidiyo pa YouTube, anayambitsa kampeni ya Stop Killing Games, ndipo mu 2025 chikalata chake chopita ku European Union chinasainidwa ndi anthu opitirira miliyoni imodzi. Iwo akumenyera kuti gemu yogulidwa isaphedwe. Ndikufuna kuti opanga malamulo omwewo akamayang'ana nkhani imeneyo afunsenso funso loyandikana nalo, loti laisensi imene munthu walipira ikhale m'dzina la ndani, la munthuyo kapena la sitolo.

Mwana wa mchemwali wanga akusewera ndi anzake tsopano. Pamene analekezera mu gemu yoyamba sipanasamuke, ndiye anayambiranso pachiyambi, maola onse a patchuthi aja atapita. Hadi ya laputopu yake sinakwanitse kusunga ziwiri, choncho yoyamba ija anaifufuta, yangotsala dzina mu akaunti. Sabata yatha anabweranso pakhonde, mng'ono wake akum'tsatira pambuyo.

"Amalume, poti yoyamba ija sindikuigwiritsanso ntchito, sindingam'patse uyu? Akaunti wake watsegula kale."

Tinafufuza limodzi m'masamba onse a sitolo ija, kufunafuna batani losamutsira gemu kuchoka mu akaunti ina kupita mu ina. Tinapezamo logulira mnzako mphatso yatsopano, pa mtengo wathunthu.